Pepala Lakuda M'dzenje la Mama

Watipaso anachotsa ndowa pansi pa kapaipi ka eyakoni, makina oziziritsa m'nyumba, naikapo chitini chakale kuti madontho asagwere pansi. Ndowayo inali itadzaza mpaka m'milomo, monga inkachitira m'mawa uliwonse mwezi wa Okutobala. Anainyamula ndi manja awiri mpaka kuseri kwa kachipinda kake, komwe anandandika zitini zisanu ndi ziwiri za penti zobzalamo mpiru. Anatunga ndi kapu. Chitini chilichonse makapu awiri, kuthira m'mbali, kudikira madzi alowe, kenako n'kupita pa china. Ntchito ya mphindi zisanu anaikoka mpaka dzuwa linasuzumira pamwamba pa mpanda, chifukwa ikatha imeneyi panalibenso chomuletsa kupita kudzenje.

Madziwo sankachokera pampopi. Ankachokera mumpweya. Chaka chake choyamba ku Doha zinkamuzunguza mutu: dziko lopanda mtsinje ngakhale umodzi, koma mpweya wake ukangokhudza chinthu chozizira umachita thukuta, ndowa n'kudzaza usiku umodzi. Tsopano chinali chaka chachinayi, ndipo anasiya kudabwa. Ankangothirira mpiru.

Nyumba imene ankagwirako ntchito yoyendetsa galimoto ndi kusamala maluwa inali ku Al Hilal. Eni ake anali mayi amasiye okalamba, a mawondo ovuta, omwe antchito onse ankangowatchula kuti Mama. Mwana wawo wokhala ku dziko lozizira anawatumizira gilinihausi, nyumba yolimamo mbewu, yozungulira ngati dengu lovundikira, idakali m'mabokosi, pamodzi ndi pulani yake. Pulaniyo inkati denga lisanaimikidwe akumbe dzenje lakuya kuposa msinkhu wa munthu, ayalemo mapaipi oboolaboola, akwirire ndi miyala ndi dothi, ndipo pomaliza athire maziko a konkire mozungulira m'mphepete. Masana fani izikankhira mpweya wotentha wa m'gilinihausi m'mapaipimo, kutentha kuzitsalira m'nthaka. Usiku wa miyezi yozizira nthaka izibweza kutenthako ku mbewu. Inali nkhokwe ndithu, koma yosungamo kutentha.

Tsiku limene mabokosi anafika, Mama anamuloza ndi ndodo yawo.

"Iwe, tomato. Iwe, minkhaka. Halasi."

Halasi ndiye "basi" wa Chiarabu, ndipo Watipaso anamvetsa zomwe mawu ochepawo ankatanthauza. Asanabwere iye, pamalopa pankagwira Edwin, mnyamata wa ku Dedza. Kampani ina inadzayala kapinga pa dothi lamchere, kapingayo n'kuuma patatha miyezi itatu. A kampani anali atapita kalekale. Amene anapezeka ataima pa udzu wouma, paipi ili m'manja, anali Edwin, ndipo kontirakiti yake inathera pomwepo. Pakhomo pa bwana chinthu chikafa, safunsa amene anachimanga. Amafunsa amene amachithirira.

Oyang'anira ntchito ya dzenje anali a Aubrey, injiniya weniweni, womanga nsanja za ku West Bay. Mwana wa Mama anawapeza kudzera mwa mnzake, iwo n'kuvomera kubwera Lachisanu ndi Loweruka lililonse ndi anyamata atatu a ku Malawi omwe ankapuma masiku amenewo. Pakati pa Amalawi a ku Doha, a Aubrey anali mtengo waukulu. Munthu akasokonezeka ndi mapepala, ankathamangira kwa iwo. Wina akamwalira, iwo ndiwo ankayenda m'maofesi mpaka maliro atakwera ndege. Palibe ankawatchula dzina. Anali a Injiniya.

Dzenje analikumba milungu itatu, chifukwa pansi pa mchenga panali mwala woyera wong'alukang'aluka womwe unatha mano a makina. Lachisanu lapitalo a Injiniya anabwera ndi mpukutu wa pepala lakuda la pulasitiki, lija amayala pansi pa nyumba kumudzi asanathire simenti. Analamula kuti aliyale pansi pa dzenje ponse, likwerenso m'makoma, molumikizira mwake amatemo tepi. Pofika madzulo dzenje linkaoneka ngati beseni lalikulu lakuda.

Watipaso anali ataiwerenga pulani ija kangapo ali m'galimoto kudikira Mama kuchipatala cha mawondo. Chizungu chake cha Fomu 2 chinkapunduka apo ndi apo, koma zithunzi ankazimva. Pepala munalibe. Ndipo timabowo ta m'mapaipi anatimvetsa tsiku loyamba: mpweya wotentha ndi wonyowa ukalowa pansi pozizira udzachita thukuta, thukutalo liyenera kutuluka pa timabowo n'kumwedwa ndi nthaka. Nanga pansi pakakhala beseni, lipita kuti? Madzi adzadzaza miyala, kenako mapaipi, mpweya udzasowa podutsa, mizu n'kuolera m'matope.

Anali ataimirira m'mphepete, fosholo ili m'manja, pamene anayesa koyamba.

"A Injiniya, pepalali…"

"Latani pepala, a Dilaiva?"

"Papulani palibe."

A Aubrey anaseka mopanda nkhanza, ngati momwe munthu amasekera mwana akamuuza kuti nsapato wavala mopingasa. "Amene anajambula pulaniyo sanapondepo ku Qatar, mphwanga. Madzi apansi kuno ndi mchere wokhawokha, amadya chitsulo ngati chiswe. Nsanja iliyonse imene ndamanga, pansi timakuta. Ngakhale kwathu ku Ntcheu, nyumba ya bambo anga mmisiri anazembetsa pepala, mpaka lero makoma amabiriwira dzinja lililonse. Chinthu chopanda pepala pansi si chomanga."

"Mwamva?" anatero Kumbukani, mmodzi wa anyamata atatu aja, mlonda wa pa nsanja ina, yemwe pakamwa pake sipankazizira. "Inu ziwongolero, iwo mapulani. Mukayamba kusinthana, Mama tikawatola mu ngalande."

Anyamata anaseka. Watipaso anamwetulira nawo, n'kubwerera ku fosholo yake. Umo ndi momwe anakulira ku Bolero: wamkulu akalankhula, iwe umayang'ana zala za kumapazi.

Koma Lolemba, pakhomo pali zii, anatsika m'dzenje ndi ndowa ziwiri za madzi. Anatukula ngodya ya pepala, nathira ndowa imodzi pa mwala woyera uja. Madzi anathamangira m'ming'alu, ndipo asanamalize kuwerenga makumi asanu panatsala chinyontho chokha. Anapisa mkono m'mng'alu mpaka m'chigongono. Munali mouma gwa. Ndowa yachiwiri anaithira pamwamba pa pepala, pangodya ya mthunzi. Lachinayi madziwo anali akadali pomwepo, fumbi likuyandama.

Lero ndiye linali tsiku lomaliza. Ayale mapaipi, athire miyala, akwirire. Mawa m'mawa galimoto ya konkire idzathire maziko mozungulira. Konkire akangouma, makina okumba sadzalowanso, ndipo palibe amene adzafukule dothi lakuya choncho ndi manja chifukwa dilaiva wanena.

Atatsuka kapu n'kuvundikira ndowa, anamva hutala pageti.

A Aubrey anatsika m'galimoto yawo atavala chipewa choyera cha kuntchito, anyamata akutsitsa mipukutu ya mapaipi. Anayenda mozungulira dzenje, manja kumbuyo, mpaka anaima pamwamba pa ngodya ija.

"Madzi awa achokera kuti?"

Kumbukani anasuzumira. "Mwina mphaka wa Mama. Amphaka a anthu olemera amamwa juwisi."

"Ndinathira ndine," anatero Watipaso. Mawu anatuluka aang'ono kuposa momwe ankafunira. "Lolemba. Ndimafuna ndione ngati angachoke."

"Ndiye achoka?"

"Ayi."

"Ndiye pepala ndi labwino. Silidontha." A Aubrey anawomba m'manja kamodzi. "Wathokoza wekha ntchito yanga. Tenga chiguduli upukute, nthawi ikutha. Yalani mapaipi, anyamata, yalani."

"Koma a Injiniya, mapaipiwa akayamba kuchita thukuta…"

Foni ya a Aubrey inalira. Anakweza chala chimodzi, kutanthauza kuti dikira, n'kutembenuka akulankhula Chizungu. Chalacho sichinatsikenso. Watipaso anadikira mpaka anazindikira kuti akudikira mphepo, ndipo anatsika pamakwerero ndi chiguduli. Anagwada pa pepala lotentha, akufinyira m'chitini madzi omwe anathira yekha.

M'mawa wonse anayala mapaipi. Awiri akuluakulu mbali iyi ndi iyo, ang'onoang'ono oboolaboola akulumikiza pakati ngati nthiti za ng'ombe. M'dzenjemo munalibe kamphepo ngakhale pang'ono. Thukuta linkatsika m'zigongono n'kugwera pa pepala, dontho lililonse n'kukhala pomwe lagwera, likunyezimira. Watipaso ankaliyang'ana. Anzake ankaimba nyimbo ya kwaya mosokoneza mawu, Kumbukani akutsogolera.

Nthawi ya mapemphero a Lachisanu itayandikira, anazimitsa chilichonse chaphokoso nakhala pansi pa mthunzi wa garaja. A Aubrey anakakhala m'galimoto mwawo moziziritsa. Asiyatu, mayi wa ku Machinga yemwe ankaphika m'nyumbamo kwa zaka zisanu ndi zinayi, anabweretsa mpunga wa nkhuku m'mbale yaikulu ndi fulasiki ya karaki, tiyi wamkaka wa zonunkhiritsa. Anaona kuti Watipaso wakhala payekha pafupi ndi mpopi, ndipo anamupititsira kapu yake komweko.

"Achimwene, nkhope imeneyi ndi ya maliro. Wamwalira ndani?"

"Tomato wa Mama."

"Sanabzalidwe n'komwe."

"Ndiye ndikulira msanga, achemwali, kuti pa tsikulo ndisadzavutike."

Asiyatu anakhala pa njerwa, nakoka mpango wake. Anali atamuona Lolemba pa zenera la kukhitchini akutsika ndi ndowa, ndipo anafunsa mpaka anamva zonse.

"Mwawauza?"

"Kawiri."

"Mwawauza, kapena mwang'ung'udza? Chifukwa inu mukamalankhula, munthu amaganiza kuti ndi firiji ikulira."

Watipaso anaseka pang'ono, osakweza mutu. "Ndi a Injiniya. Mchimwene wanga atadwala ku Wakrah, anamuperekeza kuchipatala ndi iwo. Ndiwatsutse pamaso pa anyamata? Pofika Lamulungu nkhani ili ponseponse, kuti Watipaso waiwala. Tsiku limene ndidzawafune ndidzagogoda pati?"

"Zoona," anatero Asiyatu. "Anthu sadzakupatsani moni mwezi wathunthu. Mwina iwiri." Anathira tiyi wina m'kapu mwake ngakhale anali asanamwe. "Kapena ndiwauze Mama ine? Chiarabu changa chimafika."

"Ayi. Mama akamva kwa inu, a Injiniya achotsedwa ngati wakuba. Sanabe kanthu. Akuchita chimene amadziwa."

"Ndiye wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, achimwene. Ine m'mimba mwanga muli bwino. Ndimaphika tomato wa m'shopu."

Anatenga fulasiki nabwerera kukhitchini, masilipasi akukwekwereza pa matailosi.

Watipaso anatsala akuyang'ana mulu wa miyala ya kwale yomwe inatsitsidwa pafupi ndi geti. Anaganiza za mkazi wake Winnie, yemwe dzulo lake anamutumizira chithunzi cha ana atavala yunifolomu, wamng'onoyo kolala itapindikira mkati. Anaganizanso za Febuluwale, mwezi umene masamba adzayambe kuchita chikasu kuchokera pansi, fani ikulira koma pakamwa pa paipi osatuluka mpweya, fungo la chithaphwi likukwera. Mama adzaima pakhomo pa gilinihausi ndi ndodo yawo. A Injiniya nthawi imeneyo adzakhala ali pa nsanja ina, pansanjika ya makumi anayi, akuyang'ana nyanja.

Mkwiyo wake sunabwere ngati moto wa udzu. Unabwera ngati wa chitsa, wofuka pang'onopang'ono pansi pa phulusa. Zaka zinayi za "inde, Mama", "inde, bwana", "mafi mushikila", palibe vuto. Kutsegulira anthu zitseko, kudikira padzuwa, kumwetulira akamusekera katchulidwe kake. Zonsezo anazimeza, chifukwa ndi zimene anabwerera. Koma kukumba ndi manja ake dzenje lomwe adzagweremo yekha, n'kulikwirira bwinobwino, n'kuthokoza? Anamwa tiyi wozizirayo kamodzi n'kuimirira.

Dzuwa litapendeka anayambiranso. A Aubrey anayeza mapaipi ndi levulo komaliza, nagwedeza mutu mokhutira, natuluka m'dzenje. Anyamata anayala thabwa lalitali kuchokera pa mulu wa miyala mpaka m'mphepete.

"Mawilibala makumi asanu ndi limodzi, ndiye dothi," anatero a Aubrey. "Tifinishe kusanade. A Dilaiva, mwini munda ndinu, yambani ndinu. Mwala woyamba."

"Tiwajambule," anatero Kumbukani. "Akaonetse kwawo kuti anamangako Qatar."

Chitseko cha kuseri chinatseguka. Asiyatu anatulutsa mpando, Mama akutsatira pang'onopang'ono, ndodo patsogolo. Anakhala pamthunzi kuti aone dzenje lawo likutsekedwa.

Watipaso anadzaza wilibala. Anaikankha pathabwa, gudumu likulira, mpaka m'mphepete penipeni. Apa pankangofunika kukweza zigwiriro. Anayang'ana pansi: nthiti za mapaipi zitagona mwadongosolo pa chikopa chakuda chonyezimira. Anatsitsa miyendo ya wilibala pathabwa, nasiya zigwiriro. Kenako anazungulira, nagwira makwerero, natsika, n'kukaima pakati pa mapaipi, pansi penipeni pomwe miyala ikanagwera.

Kumbukani, yemwe ankabwera m'mbuyo ndi wilibala yachiwiri, anaima.

"Aise, wagwetsa foni?"

Kumbukani anasuzumira m'dzenje, nawonjezera:

"Ndikuthira, ine. Tidzangobzala tomato pamutu pako."

Palibe anaseka. Anyamata awiri aja anatsamira mafosholo awo.

"Zeni?" anafunsa Mama ali pampando, kufuna kudziwa ngati zonse zili bwino.

"Zeni, Mama. Mafi mushikila," anayankha a Aubrey akumwetulira. Kumwetulirako anakusunga pankhope pamene ankayandikira m'mphepete, koma mawu a Chichewa anatuluka m'mano. "Tuluka m'menemo. Ukufuna kundichititsa manyazi pamaso pa mayiwa?"

Watipaso anakweza mutu. Kuchokera pansi pa dzenje a Aubrey ankaoneka aatali kwambiri, chipewa chawo chikugunda kumwamba. Iye sanasunthe pomwe anaima. Anapisa m'thumba natulutsa kampeni kake kodulira maluwa, koma sanakatsegule.

"Ndikulankhula Chichewa, a Injiniya, kuti manyaziwo asakhalepo. Mama sakumva."

"Wati…"

"Ndiloleni ndimalize. Kawiri konse simunandilole." Mawu ake tsopano ankamveka mpaka kugaraja. "Za nsanja sindingakutsutseni. Kumeneko mumatsekera madzi kunja, ndipo mumadziwa ntchito yanu. Koma kuno madzi sabwera kuchokera pansi. Adzabadwira mkati momwemu, m'mapaipi awa, tsiku lililonse fani ikayaka. Mwawamangira nyumba yopanda khomo. Timabowo iti simunaboole ndinu, tinabwera choncho, ndipo amene anatiboola anali ndi chifukwa."

"Wakhala injiniya liti iwe?"

"Sindine injiniya. Ndine amene nditsale. Inu mawa konkire akauma musamba m'manja, mukwera galimoto. Anyamatawa abwerera ku mageti awo. M'menemu mudzalowa ine, m'mawa ndi madzulo, ndipo dzina limene lidzaitanidwe zinthu zikavunda ndi langa. Ndiye pa chinthu chimodzi chokhachi, mundimvere."

A Aubrey anayang'ana kwa Mama, kenako kwa anyamata, omwe onse anapeza chochita ndi zala za kumapazi kwawo.

"Ukudziwa kuti mawu amenewa sabwerera m'kamwa?"

"Ndikudziwa. Mukafuna kusiya kundiyankha moni, ndi ufulu wanu, ndipo zimene munachitira m'bale wanga sindidzaiwala. Koma ulemu umenewo sindingaubweze ndi ntchito yanga." Anatsegula kampeni kaja, nagwada, naika nsonga yake pa pepala pakati pa mapaipi awiri. "Njira zilipo ziwiri. Lamulani nokha kuti lichoke, ndi ntchito ya ola limodzi, Mama aona ngati ndi nzeru zanu, ndipo ine sindidzatsegula pakamwa mpaka kufa. Kapena ndiling'ambe ine kuyambira pano mpaka kukhoma, inu muwauze kuti dilaiva wapenga ndi dzuwa. Sankhani inu, ndinu akulu. Koma pepalali lili pansi, mwala sugwa m'dzenje muno. Mukafuna kuthira, muthire ine ndili momwemu."